Malata Awiri a Nabanda

Fungo la fodya wa bale akamauma m'chigafa silichoka msanga m'mphuno, ndipo ine likangondipeza, ngakhale pamsewu lole ya mabelo ikamadutsa, ndimaona agogo anga aamuna, a Phiri, atakhala pa kampando kawo ka chikopa cha mbuzi pansi pa mikangala, akusoka masamba ndi zala zakuda bii ndi utomoni wa fodya, mphepo yochokera kudambo ikugwedeza masamba olendewera pamwamba pawo, utsi wa kukhitchini ukulowa pang'onopang'ono kudzasakanikirana ndi fungo lija mpaka maso kuyabwa. Iwo fodyayo sankasuta, mowa sankalawa. Ankangomulima, kumusoka, kumusankha ndi kumudinda m'mabelo, chaka ndi chaka, kuyambira ndisanabadwe.

Ndinakulira m'manja mwawo ndi mwa agogo aakazi, Nabanda, m'mudzi wina wa kufupi ndi Chamama, ulendo wa ola limodzi pa njinga. Amayi ankagwira ntchito m'nyumba ya anthu ku Lilongwe, ndipo abambo sindinawadziwe. Ntchito yanga inali kuthirira nazale m'mamawa ndisanapite kusukulu, kutola masamba ogwa m'chigafa, ndi kuthamangitsa mbuzi za eni ake zimene zinkakonda mtedza wa Nabanda kuposa udzu wa Mulungu.

Nyumba yathu inali ya njerwa zowotcha, zipinda zitatu, ndipo njerwazo a Phiri anaumba okha. M'mudzi monse munalibe khoma lowongoka ngati lathu. Koma denga linali la udzu, moti nyumbayo inkaoneka ngati munthu wovala suti yatsopano atavala chipewa chong'ambika cha mlaza. Nkhani yonse ya agogo anga ili pa denga limenelo.

Kwathu mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi. Agogo anachokera ku Kapelula ali mnyamata, ndipo ngakhale anakhala m'mudzimo mpaka imvi kumera, anali mkamwini basi. Alamu awo a Lufeyo, mlongo wake wa Nabanda, amene anali mwini mbumba, sankalola kuti aiwale zimenezo. Anali munthu wanthabwala, koma nthabwala zawo zinkakhala ndi minga. Akuti tsiku lina potuluka m'tchalitchi, anthu ali mbwee pabwalo, anafunsa mokweza kuti, "Alamu, nyumba mwamanga ngati ya boma, nanga chipewa chake chibwera liti?" Anthu anaseka. Agogo sanaseke. Anayankha kuti, "Tsiku lomwe malata adzalowe m'mudzi muno mudzawamva ali kudambo. Adzabwera onse pamodzi, pa ngolo, makumi atatu ndi awiri." Mawu amenewa anawanena ine ndisanabadwe, koma ndinawapeza akulamulabe pakhomo pathu.

Ndalama za fodya zimabwera kamodzi pa chaka, ndipo zikabwera anthu ambiri mitu imazungulira. M'masiku amenewo ku Chamama kunkakhala ngati Khirisimasi. Amuna ankasowa sabata yathunthu, n'kubwera ndi wailesi, nsapato zosongoka, ena ndi mkazi wachiwiri amene ankatha limodzi ndi ndalamazo. Ikafika Januwale, amuna omwewo unkawapeza akulima ganyu kuti apeze mbale ya gaga. Agogo anga sanali otero. Akalandira zawo ankagula feteleza, mchere, sopo ndi yunifolomu yanga, ankapereka chakhumi, ndipo zotsala zonse ankaziika m'chitini cha mkaka wa ufa, n'kuchikulunga m'pepala la pulasitiki, n'kuchikwirira pansi pa bedi. Abusa ankawatchula pa guwa ngati chitsanzo. Ndipo ichi ndicho chimandiwawa kufikira lero: agogo sanali munthu wosakaza. Akanakhala chidakwa bwenzi nditangowaiwala, koma iwo anadzimana chilichonse kwa zaka zambirimbiri, n'kulakwitsa chinthu chimodzi chokha.

Nabanda anali ndi mphumu. M'chilimwe ankakhala bwino, ankasenda mtedza wawo, ankaimba ndi amayi anzawo a kutchalitchi. Koma mvula ikayamba, denga likayamba kudontha, chifuwa chawo chinkalira ngati mluzu, ndipo ndinazolowera kuwamva ali kuchipinda ine ndili panja. Udzu wabwino wofolera unali utayamba kusowa, poti madambo ambiri anali atasanduka minda, ndipo umene unkapezeka unkawola chaka chisanathe.

"Bambo, gulaniko malata ngakhale ochepa tifolere chipinda chogona chokha," ankatero Nabanda chaka chilichonse ndalama zikatuluka.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, Nabanda."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo. Wapachala ndi wamphepo."

"Ndiye ine ndidutse m'mudzi muno ndi malata awiri pa njinga, a Lufeyo aziti alamu akumanga chimbudzi?"

Nabanda ankangoseka pang'ono, n'kutsokomola, n'kupitiriza kusenda mtedza wawo. Sanali mayi wokangana.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, fodya anagulidwa bwino. Agogo anafukula chitini chija, anachiika m'thumba la feteleza, n'kundiuza kuti ndivale nsapato tipite ku Chamama. Maso awo anali atayamba kufooka, ndipo ine ndinali woyamba m'kalasi pa masamu. Njira yonse ankaimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, ine ndili pa kaliyala nditakumbatira thumba lija. Chaka chapitacho ndalama zawo zinali zitakwana malata makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, ndipo tsopano anali atawonjezerapo zambiri ndithu. Pochoka kunyumba anali atauza Nabanda kuti asese pakhonde, ngolo ikubwera.

Mwini sitolo anali a Mwale, bambo wonenepa woika pensulo kukhutu. Anatchula mtengo wa lata limodzi. Agogo anandipatsa pensulo ija, n'kunditchula dzina lomwe ankakonda kundiseka nalo.

"Werengera bwino, mkazi wanga wamng'ono. Tiuze ngati patsala ya ngolo."

Ndinagawa pa chidutswa cha katoni. Ndinabwereza kachiwiri, chifukwa yankho silinandisangalatse. Linatuluka lomwelo.

"Akukwana makumi awiri ndi atatu, agogo."

"Wabwerera m'mbuyo bwanji? Kusukuluko amakuphunzitsani kuchotsera kokhakokha?"

"Mwanayu sanalakwitse, madala," anatero a Mwale. "Kwacha yagwa. Simunamve pa wailesi?"

Agogo anatsegula chitini, anatulutsa ndalama zija zomangidwa bwinobwino ndi ulusi, n'kuziyala pa kauntala.

"Yagwa kuti? Ndalama izi zakhala m'chitini chotseka chaka chonse. Palibe imodzi inagwa. Taonani, ngakhale chiswe sichinalaweko."

Anyamata amene ankasewera bawo pakhonde la sitolo anaseka mpaka wina kugwira m'mimba. Ine ndinafuna nthaka itseguke ndilowemo. Koma a Mwale sanaseke. Anafotokoza mofatsa kuti mapepalawo ndi omwewo, koma mphamvu yawo ndiyo yachepa, ndipo chaka chamawa ikhoza kuchepanso. Kenako anati, "Tengani makumi awiri ndi atatuwa lero, madala. Lata silidya, siliwola. Otsalawo muzidzatenga pang'onopang'ono. Ngolo ndikupezerani ine."

Agogo anayang'ana mulu wa malata umene unkanyezimira kuseri kwa kauntala. Ndinaona dzanja lawo likupita pa ndalama zija, ndipo ndinaganiza kuti akuzikankhira kwa a Mwale. Koma anazisonkhanitsa n'kuzibwezera m'chitini.

"Ndinanena pamaso pa anthu kuti makumi atatu ndi awiri," anatero.

Ndinali mwana woleredwa bwino, wosayankha akuluakulu, koma tsiku limenelo pakamwa panandithawa. Ndinati, "Agogo, anthuwo satsokomola. Amatsokomola ndi agogo aakazi." Anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Sanandikalipire. Anandigulira banzi, ndipo tinabwerera opanda nyimbo. Titafika tinapeza pakhonde posesedwa bwino, Nabanda atavala chitenje chawo chopitira kutchalitchi. Anayang'ana njinga, anayang'ana thumba, n'kulowa m'nyumba kukasintha.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera ndi mvumbi. Mu Febuluwale inagwa masiku asanu ndi atatu osalekeza, osati yamphamvu, koma yongonyowetsa chilichonse. M'nyumba mwathu munadzaza mabeseni, ndowa ndi mapoto, chilichonse chikulira ndi liwu lake, ndipo ntchito yanga inali kukhuthula madzi ndi kukoka mphasa ya Nabanda kuchoka pa ngodya ina kupita pa ina, kusaka pouma. Mabulangete ankanunkha chinyontho, nkhuni zinkangofuka utsi osayaka. Tsiku lachisanu ndi chimodzi thupi la Nabanda linatentha ndipo kupuma kunayamba kuvuta kuposa masiku onse. Agogo aamuna anafukula chitini osawerenga n'komwe, anapeza galimoto, n'kuwatengera kuchipatala ku boma. Kumeneko anati ndi chibayo. Patapita masiku anayi Nabanda anabwerera kumudzi ali m'bokosi.

Sindinganene kuti denga ndilo linawapha. Adokotala sananene choncho, ndipo anthu amamwalira ndi chibayo ngakhale m'nyumba za malata. Koma ine wa zaka khumi ndi ziwiri ndinali nditaweruza kale mlanduwo, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti agogo aamuna sindidzawalankhulanso.

M'mawa wa tsiku loika maliro, amayi a m'mudzi akuimba m'siwa, anthu anazindikira kuti a Phiri palibe. Njinga yawonso panalibe. A Lufeyo anayamba kuyendayenda pabwalo akung'ung'udza kuti mwamuna woferedwa sachoka pa siwa, nanga anthu aziti chiyani. Ena ananong'onezana zoopsa, moti anatuma anthu kukayang'ana kumtsinje ndi m'mitengo ya mango. Okumba manda anali atamaliza ntchito yawo, abusa atafika, dzuwa likukwera kuseri kwa mitambo, koma mwambo sukanayamba.

Cha m'ma 11 tinamva phokoso kuchokera kudambo. Linali phokoso la chitsulo chopyapyala chikamagwedezeka, lomveka patali, likubwera pang'onopang'ono. Nyimbo inazirala yokha. Anthu anatuluka kukaima m'mbali mwa njira, nanenso ndinatuluka. Anali agogo, akukankha njinga m'matope ofika mu akakolo, buluku atapinda, malaya atanyowa ndi thukuta, ndipo pa njingapo anali atamangirira malata awiri atsopano. Tinawamvadi ali kudambo, monga momwe ananenera. Anadutsa pakati pa mudzi wonse ndi malata awiri pa njinga, pamaso pa a Lufeyo ndi pamaso pa aliyense, ndipo palibe anaseka.

Anaimika njinga pa khoma la nyumba, n'kupita kwa mkulu wa okumba manda. Kwathu bokosi likatsitsidwa amayala mitengo ndi mphasa pamwamba pake asanakwirire. Agogo analankhula chapansipansi, koma kunali zii moti tonse tinamva.

"Mukatsitsa, musanathire dothi, muyale awa pamwamba. Nabanda wadontheredwa mokwanira."

A Lufeyo anatembenukira ku khoma n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Kumanda ndinaima pafupi, ndipo ndinamva dothi loyamba likugwera pa malata aja. Liwu limenelo ndilibe mawu olifotokozera, koma ndikulimvabe.

Mwambo wathu umati mkazi akamwalira, pakapita miyezi akuchikazi amamusudzula mwamuna, kumumasula kuti abwerere kwawo. Nthawi itakwana a Lufeyo anaitanitsa akuluakulu pansi pa mtengo wa mango, ndipo ine ndinali pomwepo ndikuthira madzi osamba m'manja. Agogo anamvetsera zonse, kenako anavula chipewa.

"Alamu, mwambo ndaumva ndipo sindikuukana. Koma nyumba iyi sindinaimalize. Ndiloleni ndiimalize, kenako ndizipita."

"Khalani, alamu," anayankha a Lufeyo. Mawu awo analibenso minga.

M'chitini munali mutatsala zochepa kwambiri, poti galimoto, mankhwala, bokosi ndi chakudya cha pamaliro zinali zitadya gawo lalikulu. Sabata yomweyo agogo anatenga zotsalazo n'kubwera ndi malata atatu. Chitini anachisandutsa chosungira misomali. Kuyambira pamenepo ndalama sinkagonanso pakhomo pathu. Akagulitsa atambala awiri ndi thumba la mtedza, mawa lake ali pa njinga. Akawotcherako munthu njerwa, ali pa njinga. Nthawi zambiri ankabwera ndi lata limodzi lokha, likulira njira yonse, moti ana a m'mudzi anawapatsa dzina loti a Latalimodzi, iwo n'kumavomera. Ankawasanja pa njerwa m'chipinda momwe Nabanda ankagona, ndipo mtengo ukakwera ku Chamama, amene anali m'chipindamo sankachepa.

Ine ndinasunga mkwiyo wanga pafupifupi chaka chathunthu. Ndinkawaphikira, kuwachapira, kuyankha kuti inde kapena ayi, basi. Tsiku lina pochokera kusukulu ndinawapeza panjira njinga itaphulika tayala, akulimbana ndi lata limene mphepo inkafuna kuwalanda. Sanandiitane. Ndinaima kanthawi ndikuwayang'ana, nkhalamba yowonda ikuzunguliridwa ndi chitsulo, ndipo ndinaona kuti mlandu umene ndinkawaimba iwo anali atadziimba kale kuposa ine. Ndinagwira mbali imodzi, iwo mbali ina, n'kuyenda nalo mpaka kunyumba. Panjira anangonena kuti, "Unawerengera bwino tsiku lija, Malita." Ndinalira mpaka pakhomo.

Zinatenga zaka zinayi. Mmisiri anakhoma lata lomaliza mu Novembala, ine ndili Fomu 2, ndipo mvula yoyamba inagwa masana a tsiku la Sabata titangobwera kutchalitchi. Agogo anakhala pa kampando kawo pakati pa nyumba, manja pa mawondo, akuyang'ana m'mwamba. Phokoso linali lalikulu moti sitinkamvana. Ine mwachizolowezi ndinali nditatenga kale beseni, n'kusowa poliika. Mvula itachepa anati, "Kodi amasokosa chonchi? Nabanda akanadandaula kuti sakumva wailesi." Anaseka pang'ono, kenako anapukuta m'maso ndi chipewa.

Anagona pansi pa malata amenewo dzinja limodzi lokha. Atakolola anauza a Lufeyo kuti tsopano atha kuwamasula. Tonse tinawakakamiza kuti akhale, amayi anachita kubwera kuchokera ku Lilongwe, koma anati nyumbayo ndi ya mbumba ya Nabanda, ndipo iwo akufuna kukafera kumene anabadwira. Tsiku lonyamuka anamangirira kampando kawo ndi bulangete pa njinga, n'kundiitanira pambali.

"Mkazi wanga wamng'ono, ndalama ukaigoneka imawonda. Ine ndinkayesa ndikuisunga, pamene ndinkasunga manyazi anga. Ukapeza ya lata limodzi, gula lata limodzi, ngakhale akuseke."

Anamwalira ku Kapelula patapita zaka zitatu, m'nyumba ya udzu ya mlongo wawo. Nyumba ya malata ija ikadalipo, ndipo amayi ndiwo amakhalamo tsopano.

Lero ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi boma la Kasungu, ndipo malipiro anga ndi oti ukawatchula anthu amakumvera chisoni. Akangolowa, ndisanagule ngakhale tomato, ndimapatula kagawo kake n'kukasandutsa chinthu tsiku lomwelo. Ndinayamba ndi mbuzi imodzi imene amayi amandiwetera, ndipo pano zilipo zisanu. Ndinalowa gulu losunga ndi kubwereketsana ndalama la aphunzitsi anzanga, kumene kandalama kamabereka m'malo mongogona. Kenako ndinagula kamalo kakang'ono kunja kwa tauni. Ndimasiyanso pang'ono pofikirika msanga, chifukwa sindinaiwale kuti chitini chija, ndi kulakwa kwake konse, ndicho chinapeza galimoto yopita kuchipatala. Anzanga amanditcha wouma manja chifukwa foni yanga ndi yakale ndipo sindisoka chitenje cha ukwati uliwonse. Ndimawasiya anene, nanga pakamwa ndi pawo.

Pansi pa bedi langa, m'kachipinda ka lendi, pali malata khumi ndi limodzi, pamene pa malo anga palibe ngakhale maziko. Ndimadziwa kuti n'zoseketsa. Mwezi wathawu ndinagula lakhumi ndi chimodzilo, wakabaza n'kulimangirira pa njinga yake, ine ndikuyenda pambali. Tikudutsa pamsika bambo wina wogulitsa makala anafuula kuti, "Aphunzitsi, mukumanga chimbudzi?" Anthu anaseka, ndipo kwa kanthawi nkhope yanga inatentha ngati tsiku lija m'sitolo ya a Mwale.

"Eya, bambo," ndinayankha, osaima.

Lata linalira njira yonse mpaka kunyumba. Ine ndimadziwa kuti malata awiri oyamba m'banja mwathu anafolera chiyani, ndipo sindifuna kuti anga adzafike mochedwa chomwecho.